Mabatire anga adandichititsa manyazi ku Mangalande

Abale anga, pali manyazi ena amene munthu umayamba wawasunga mumtima, koma pakapita nthawi umaona kuti kuwaulula kukhoza kupulumutsa anzako. Anga ndidawatola m'mwezi wa October chaka cha 2023, pa dambo lina kunja kwa mzinda wa Manchester ku Mangalande, ndipo adandipatsa manyaziwo ndi mabatire anayi ang'onoang'ono amene ndidagula kwa venda kuno kwathu ndisanakwere ndege.

Ndidapita kukaona mlongo wanga amene amagwira ntchito ya unamwino kumeneko. Mwana wake wachisamba, mnyamata wa zaka 12 panthawiyo, ali ndi masewera amene ine ndidali ndisanawaonepo ndi maso: kuulutsa timaroketi. Musaganize za zida za nkhondo zimene timaona pa kanema. Karoketi kake ndi kachubu ka pepala lolimba, kotalika ngati mkono kuchokera pa chigongono kufika ku zala, kokhala ndi mphuno ya pulasitiki ndi zipsepse zitatu za thabwa lopepuka. Kunsi kwake amalowetsako kainjini konga chala, kogula m'sitolo kali kopangiratu, kamene kamagwira ntchito kamodzi basi n'kutayidwa. Kakayaka, karoketi kamakwera mamita oposa 100 m'masekondi ochepa, kenako kamatulutsa kansalu konga ambulera n'kutsika pang'onopang'ono kuti mwini wake akatole.

Chimene chidandidabwitsa n'chakuti palibe amene amayatsa kainjinika ndi machesi. Amayatsa ndi magetsi, ataima patali. M'kamwa mwa kainjini amalowetsamo kawaya kopyapyala kamene eni ake amati igniter, kopaka mankhwala ogwira moto msanga kunsonga kwake. Kuchokera pamenepo pamayenda mawaya awiri aatali mpaka ku kabokosi kamene woulutsa amagwira m'manja, launch controller m'chinenero chawo. M'kabokosimo muli mabatire, kagetsi, batani ndi kabowo kolowetsamo kiyi. Ukalowetsa kiyi kagetsi kamayaka kusonyeza kuti mawaya alumikizana bwino. Ukadina batani magetsi amathamangira ku kawaya kaja, kamatentha mpaka kufiira, mankhwala amagwira moto, roketi n'kunyamuka.

Tsikulo lidali Loweruka, kunja kukuzizira koopsa, ndipo pa dambopo padali anthu a kalabu ya masewerawa, ana ndi akuluakulu omwe. Itafika nthawi ya mwana wa mlongo wangayo, adalowetsa kiyi koma kagetsi sikadayake. Mabatire ake adali atatha. Nkhope ya mwana idagwa. Apo ndi pamene ine, malume amene ndidaphunzirako physics zaka ziwiri ku yunivesite ndalama za fizi zisanandithere, ndidatulukira ngati mpulumutsi. M'chikwama mwanga mudali paketi ya mabatire anayi a AA a kawailesi kanga, yosatsekula n'komwe. "Usade nkhawa iwe, malume ali pano," ndidatero. "Taona, lililonse lalembedwa 1.5, ukaphatikiza anayi ndi mavolti 6, ndendende zimene kabokosi kako kakufuna."

Adawaika, kagetsi kadayaka bwinobwino, ine n'kutukumula chifuwa. Adawerenga chobwerera m'mbuyo kuyambira pa 5 mpaka pa 1, n'kudina batani. Zii. Adadinanso mpaka chala kuyera. Zii. Roketi ili chiimire ngati chipilala. Mwana uja adaponya kabokosi pansi n'kuyamba kuthamangira ku roketi kuti akaone chavuta, koma mkulu wina wa imvi amene ankayang'anira chitetezo adamukuwira ndi mawu amphamvu moti ngakhale ine ndidaima njii. Adamuuza kuti abwerere, azule kiyi aike m'thumba mwake, ndipo aliyense adikire mphindi yathunthu asanasunthe phazi.

Mphindi itatha mkuluyo adatsekula kabokosi, adayang'ana mabatire anga, n'kumwetulira mwaulemu monga amachitira Angerezi akafuna kukuuza kuti walakwitsa. Adatulutsa ake anayi a mtundu wa alkaline, a msinkhu womwewo, olembedwa 1.5 yemweyo. Mwana atadina batani, fyuu! roketi idapita kumwamba n'kusiya utsi woyera m'mbuyo. Anthu adaomba m'manja. Tili m'galimoto pobwerera, mnyamata uja adangoti, "Malume, mabatire anu ndi a wailesi basi." Mayi ake adaseka mpaka misozi: "Achimwene, sukulu yonse ija?"

Funso la mlongo wangalo lidandilasa chifukwa yankho ndidali nalo kuyambira kalekale, kungoti ndidalisiya m'kope. Nambala yolembedwa pa batire, mavolti, imangotiuza mphamvu imene magetsi akukankhidwa nayo. Siyitiuza kuchuluka kwa magetsi amene batire lingathe kutulutsa panthawi imodzi, amene amayezedwa m'maampu. Taganizirani matanki awiri a madzi oikidwa pa nsanja zotalika mofanana, ina ya mpopi waukulu, ina ya mpopi wopapatiza ngati bango. Onse awiri adzakudzazirani kapu, koma nyumba ikagwira moto mudzadziwa kusiyana kwake. Batire lililonse lili ndi kupapatiza kwake mkati, chopinga chimene chimadya gawo la mphamvu magetsi asanatuluke, ndipo chopingachi chimakula batire likamakalamba, likakhalitsa pamalo otentha, kapena likagwiritsidwa ntchito pachisanu.

Mabatire anga adali a mtundu wakale wa zinc-carbon, otchipa aja amene adzaza pa mabenchi a mavenda. Sadali a feki ayi. Pa wailesi, pa wotchi ya pakhoma kapena pa rimoti amagwira ntchito yawo bwino lomwe, chifukwa zinthu zimenezi zimamwa magetsi pang'onopang'ono ngati nkhuku pa chigoba cha madzi. Kagetsi ka m'kabokosi kaja nakonso kamangofuna kagawo kochepa ka ampu imodzi, n'chifukwa chake kadayaka n'kundinamiza. Koma kawaya koyatsira roketi kamafuna pafupifupi maampu awiri mwakamodzi kuti kafiire msanga. Pamenepo mabatire anga adagwada, ngati wandale amene wafunsidwa za mlatho umene adalonjeza pa kampeni.

Anzanga a sukulu, tiyeni tiwerengere limodzi ndi lamulo la Ohm limene mumaloweza pokonzekera mayeso a MSCE, lija lakuti maampu ndi mavolti ogawidwa ndi ma ohm. Manambala awa ndi ongoyerekezera kuti muone m'mene zimayendera. Tinene kuti kawaya koyatsira pamodzi ndi timano togwirira kali ndi ohm imodzi, ndipo mawaya aatali aja ali ndi theka la ohm. Mabatire anayi a alkaline atsopano awonjezere 0.2 lililonse, ndiye kuti 0.8. Zonse pamodzi ndi 2.3, ndipo 6 kugawa ndi 2.3 ikutipatsa maampu 2.6, okwanira ndithu. Tsopano ikanimo anga aja, otopa ndi dzuwa la pamsika ndi chisanu cha ku Mangalande, lililonse lili ndi ohm imodzi yathunthu. Zonse pamodzi zikhala 5.5, ndipo maampu atsika kufika pa 1.1. Choipa kwambiri n'chakuti kutentha kwa waya kumayendera maampu ochulukitsidwa ndi iwo okha, choncho maampu akatsika chotere, kutentha kumatsala kosakwana gawo limodzi mwa magawo asanu. Kawaya kamangofunda osafiira, pamene mphamvu yambiri ikuthera kutenthetsa mabatire enieniwo.

Tsono kawaya kongofundako ndiye koopsa. Roketi ikakana kunyamuka sindiye kuti moto palibe. Mwina mankhwala akunyeka chamumtima, ndipo kainjini kakhoza kuyaka nthawi imene mwana waweramirapo nkhope. N'chifukwa chake malamulo a chitetezo a bungwe la National Association of Rocketry la ku America amati roketi ikakana uzule kiyi kapena uchotse batire, ndipo padutse masekondi 60 munthu asanayandikire. Malamulo omwewo amati batani likhale lobwerera lokha ukalisiya, ndipo kiyi akhale panjira imodzi ndi batani kuti popanda iye magetsi asadutse. Tiinjini timapatsidwa malemba, A, B, C, D kumapita m'tsogolo, lemba lililonse mphamvu yake kuwirikiza kawiri ya linzake. Ngati injini ndi ya D kapena kucheperapo, anthu aime mtunda wa mafiti 15, pafupifupi mamita anayi ndi theka, ndipo ikakhala yokulirapo aime mafiti 30. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Batire lofooka limalanda munthu kudekhako, chifukwa limamuyendetsa uku ndi uku kukagwiragwira mawaya, ndipo ulendo wina adzaiwala kiyi m'kabokosi.

Malamulo amenewa adalembedwa anthu atavulala kale. Dziko la Soviet Union litaponya Sputnik m'mlengalenga pa 4 October 1957, anyamata ambiri ku America adatengeka n'kuyamba kudzipangira maroketi, kusakaniza onga ndi mankhwala ena m'mapaipi a chitsulo kuseri kwa nyumba. Ena adaduka zala, ena adataya maso, ena adafa kumene. Amene adapeza njira, amalonda anzanga tcherani khutu apa, adali wogulitsa nsapato. Orville Carlisle wa m'tauni ya Norfolk ku Nebraska, amene adalinso katswiri wa zophulikaphulika za pa zikondwerero, adapanga kainjini ka pepala kogwiritsa ntchito kamodzi m'chaka cha 1954 mothandizana ndi mbale wake Robert. Mu 1957 adatumiza zitsanzo kwa G. Harry Stine, amene ankaona za chitetezo pa malo oyesera maroketi a White Sands ku New Mexico, ndipo chaka chomwecho kudabadwa bungwe limene lero ndi National Association of Rocketry.

Kenako Vernon Estes adapanga makina otchedwa Mabel opangira tiinjini timeneti tambirimbiri, ndipo kampani yake, imene idayamba mu 1958 ku Denver n'kusamukira ku Penrose ku Colorado mu 1961, ndi imene idafalitsa masewerawa. Nzeru yake idali yosavuta: mwana asakhudze onga, agule injini yopangidwa ndi akatswiri, ayatse ndi magetsi ali patali. Ndiye mukuona nokha kuti mbali yaikulu ya chitetezo chimenechi yatsamira pa kabokosi kaja ndi mabatire ake.

Manyazi atachepako, Loweruka lotsatira ndidabwerera ku dambo lija kukafunsa, poti safunsa adadya phula. Mkulu wa imvi uja adandionetsa zida zawo chimodzichimodzi. Kabokosi wamba ka kampani ya Estes kotchedwa Electron Beam kamadya mabatire anayi a AA a alkaline, ndipo kamakwanira roketi yaing'ono ya injini imodzi. Batire la mavolti 9, la makona anayi lija, limapusitsa ambiri chifukwa 9 ndi wamkulu kuposa 6, koma mkati mwake muli timabatire sikisi ting'onoting'ono tokhala ndi chopinga chachikulu. Limagwira bwino pa mabokosi okhawo amene adapangidwira ilo, ndi zoyatsira zosafuna magetsi ambiri. Pawa banki ya foni nayo imatulutsa mavolti 5, ndipo zambiri zimadzizimitsa zokha zikaona magetsi akutuluka ambiri mwadzidzidzi, poyesa kuti pachitika shoti.

Maroketi ena amakhala ndi injini ziwiri, zitatu kapena kuposa apo, zoyenera kuyaka nthawi imodzi. Zoyatsira zikakhala zitatu, maampu ofunika nawonso amachuluka katatu, ndipo injini imodzi ikachedwa ngakhale pang'ono roketi imanyamuka mopendekeka, mwina kulunjika kwa anthu. Apa eni masewera amagwiritsa ntchito batire la mavolti 12 la mtovu ndi asidi, longa la njinga zamoto za akabaza kapena la galimoto, chifukwa chopinga chake cha mkati n'chochepa zedi. Ena amatenga mabatire a lithium otchedwa LiPo, opepuka komanso amphamvu, koma amenewa akachita shoti kapena akabooka amagwira moto, choncho wanzeru amaikapo fyuzi.

Roketi ikakula mtunda woimira umakulanso, ndipo waya akatalika amadya mphamvu yambiri panjira. Njira yake ndi kuika batire lalikulu pafupi ndi roketi pamodzi ndi kachipangizo kotchedwa relay, kamene amakanika athu a magetsi a galimoto akukadziwa bwino chifukwa ndi kamene kamayendetsa hutala ndi nyali. Waya wautali wochokera kwa woulutsa amangonyamula timagetsi tochepa tolamula relay kuti ilumikize, ndipo magetsi ambiri amayenda mtunda waufupi pa waya wonenepa. Ndi nzeru yomweyo imene ili pa sitata ya galimoto. Kiyi amene mumapotokola uja sanyamula magetsi onse ozunguza injini, amangotuma.

Koma musathamangire kunena kuti batire lalikulu ndiye mankhwala a zonse. Kagetsi koyesera kaja kamayaka chifukwa magetsi ochepa akudutsa mu kawaya koyatsira komweko, ndipo kagetsiko ndi kamene kakuwaletsa kuti asachuluke. Pali mitundu ina ya zoyatsira imene imagwira moto ndi magetsi ochepa kwambiri, moti ukailumikiza ku kabokosi ka babu wamba, makamaka pa mavolti 12, roketi ikhoza kunyamuka pongolowetsa kiyi, batani usanalikhudze. N'chifukwa chake ambiri amachotsa babu n'kuikapo kagetsi ka LED ndi resistor yake, kamene kamadutsitsa timagetsi tochepetsetsa. Batire, waya, kagetsi ndi choyatsira zimasankhidwa pamodzi, chilichonse molingana ndi chinzake.

Wina afunsa kuti, nanga ife a ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu zikutikhudza bwanji, poti karoketi sitinakaonepo pa benchi ya venda? Zikutikhudza chifukwa bodza limene kagetsi kadandiuza ku Manchester timauzidwa tsiku ndi tsiku. Dalaivala wa minibasi apotokola kiyi, nyali za pa dashibodi zayaka, wailesi ikuimba, koma sitata ingoti kete kete, chifukwa sitata imafuna maampu oposa 100 pamene tinyalito tikufuna ochepa chabe. Mapeto ake okwera tonse titsike tikankhe. Mayi agula batire la sola logwiritsidwapo kale ntchito, wogulitsa amuonetsa mita ikuwerenga 12, kufika nalo kunyumba kanema akuzima nkhani zisanathe. Kuyeza batire lopanda katundu kuli ngati kufunsa munthu amene wakhala pamthunzi ngati angathe kusenza thumba la chimanga. Aliyense amayankha kuti inde.

Amalonda anzanga, ine sindikunyoza mabatire otchipa, ndipo venda amene adandigulitsa sadandibere. Ndidafunsa a wailesi ndipo adandipatsa a wailesi. Pempho langa n'lakuti muzifunsa kasitomala kuti akukaika mu chiyani. Ngati ndi wotchi kapena rimoti, mpatseni a zinc-carbon asunge ndalama zake. Ngati ndi kamera, kagalimoto ka mwana koyenda ndi mota, tochi yowala kwambiri kapena makina oyezera BP, muuzeni zoona kuti atenge alkaline ngakhale ali okwera mtengo. Musayanike mapaketi padzuwa tsiku lonse, onani deti yolembedwa pa paketi, ndipo muwauze makasitomala asasakanize akale ndi atsopano. Ogulitsa mabatire a galimoto ndi a sola, yezani batire likugwira ntchito: lumikizani babu la hedilaiti, kasitomala aone yekha ngati mavolti akugwa kapena ayi. Amene wauzidwa zoona amabweranso ndi mnzake, koma amene mwamugulitsa chikomekome cha mkuyu amakutchulani dzina m'minibasi mpaka ku depoti.

Ophunzira, inu tengerani phunziro pa ine. Ndidakhoza mayeso a lamulo la Ohm, ndidalemba za chopinga cha mkati mwa batire n'kupatsidwa malikisi, koma tsiku loyamba limene nzeruyo idafunika pa dambo ndidawerenga nambala ya pa chikuto ngati munthu amene sadapondeko m'kalasi. Kabokosi kotere mungathe kukapanga nokha ku kalabu ya sayansi, popanda roketi ndi popanda moto. Pezani mabatire anayi, swichi ya kiyi, batani, kagetsi ka LED ndi resistor, ndipo kumapeto kwa waya muikeko babu la buleki ya galimoto m'malo mwa choyatsira. Yezani mavolti batani lisanadinidwe, yezaninso litadinidwa. Sinthani mtundu wa mabatire, talikitsani waya, nenepetsani waya, lembani zimene mwaona. Masana amodzi otere adzakusiyirani zimene ine zaka ziwiri za m'kope sizidandisiyire.

Koma chonde, ndagwira mwendo, wina asamve nkhaniyi n'kukayamba kusakaniza mankhwala m'paipi kuseri kwa hositelo ati akupanga roketi. Njira imeneyo anyamata a ku America adaiyenda kale m'zaka za m'ma 1950 ndipo adalipira ndi zala ndi maso awo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndi udzu wouma wa m'chilimwe kuno kwathu, kamoto kamodzi kokha kakhoza kupsereza nkhokwe za mudzi wonse. Phunzirani za magetsi kaye, poti mbali imeneyo ndi imene mungaigwire ndi manja anu popanda kugonekedwa m'chipatala.

Mabatire anayi aja ndidabwera nawo kuno. Ndidawaika mu kawailesi kanga ndipo adaimba miyezi iwiri yathunthu popanda dandaulo. Mpaka lero mwana wa mlongo wanga akaimba foni amayamba ndi kufunsa kuti, "Malume, wailesi ikuimbabe?" Ndimamuyankha kuti ikuimba, ndipo ndamulonjeza kuti ndikadzapitanso mabatire tidzakagulira limodzi, iye akuwerenga paketi, ine ndikutulutsa ndalama.